Paipi ya madzi imene imanyamulanso magetsi

Sabata ino m'kalasi tinali pa mutu wa earthing ndi bonding, ndipo funso limene landikhala m'mutu ndi ili: pulambala amene sanakhudze waya uliwonse angaphedwe bwanji ndi magetsi akungodula paipi ya madzi panja pa nyumba?

Nkhani yake inayambira pa nyumba zakale. Mapaipi onse anali achitsulo kapena a kopa, oyenda mtunda wautali m'nthaka yachinyezi. Amisiri a magetsi anaona kuti earth yabwino, kutanthauza njira yotayira magetsi m'nthaka pakachitika vuto, ilipo kale, yosalipira, ndiye ankangomangirira waya wa earth wa nyumba yonse pa paipi yolowetsa madzi. Ku Britain, kumene tinatengera mapulagi athu a mano atatu, malamulo a wayaringi analetsa zimenezi mu 1966, nthawi imene mapaipi apulasitiki anayamba kulowa m'malo mwa achitsulo. Ku America amalolabe, bola paipiyo ikhale yachitsulo, yoyenda m'nthaka mtunda wa mamita 3 kapena kuposa, ndipo pakhomeredwenso ndodo ina yothandizira. Koma lamulo likasintha nyumba zomangidwa kale sizisintha zokha.

Pamene pandivuta kwambiri kumvetsa ndi pa neutral, waya umene magetsi amabwererapo ku thiransifoma. M'mawayaringi amene neutral ndi earth zimalumikizana pa nyumba, monga ku Australia, neutral ikamasuka kapena kudyeka ndi dzimbiri, magetsi safa ayi. Amafuna njira ina yobwererera ku thiransifoma, ndipo amaipeza pa paipi, kudutsa mwa oyandikana nawo. Mababu amayaka, ketulo imawira, eni nyumba sadziwa kanthu. Ndawerengera: ketulo ya mawati 2,200 pa mavoti 230 imakoka ma amp opitirira 9. Chikhalirecho RCD, switch yodzizimitsa yokha magetsi akasochera kuti iteteze munthu ku shoko, imakonzedwa kuti idule magetsi pa ma milliamp 30 okha (amp imodzi ndi ma milliamp 1,000), chifukwa ochepa chomwecho akadutsa pachifuwa amatha kusokoneza kugunda kwa mtima. Tsopano pulambala wadula paipi, dzanja lamanzere lagwira mbali ino, lamanja mbali inayo, manja ali onyowa. Pamene panali chitsulo paima thupi lake.

Ambiri m'kalasi tinafulumira kunena kuti angozimitsa main switch. Kuzimitsa n'koyenera, koma sikokwanira, pakuti magetsi a pa paipiyo akhoza kukhala ochokera ku nyumba ya wina imene neutral yake yaduka. Njira yake ndi waya wochindikala wokhala ndi zopanira kumapeto konse. Umapala paipi mpaka chitsulo chiwale, umapana mbali zonse ziwiri za pamene ukufuna kudula utavala magolovesi otchinga magetsi, kenako ndiye umadula. Wayayo sachoka mpaka paipi italumikizidwanso. Pochotsa mita ya madzi ndi chimodzimodzi. Clamp meter, mita yoyezera magetsi pongoipana pa paipi, ikaonetsa kuti m'paipimo mukuyenda magetsi, ntchito ya madzi imaima kaye.

Ngozi ina sioneka tsiku la ntchito. Paipi yachitsulo yaboola, pulambala waikapo chidutswa cha PVC, madzi asiya kudontha, walandira zake wapita. Ngati earth ya nyumbayo inali pa paipi imeneyo, yaduka. Tsiku limene element ya giza idzawonongeke, fyuzi siidzaphulika, magetsi adzangokhala pa mpope wa ku bafa kudikirira wosamba. Ndaonapo anthu akukulunga kasanza pa mpope umene umagwira shoko pang'ono, ena kusamba atavala masilipasi. Kwa ine mpope wotero ndi wofunika kuzimitsira magetsi tsiku lomwelo.

Tisasokoneze: waya wobiriwira wa mizere yachikasu umene timauona pa paipi m'nyumba zatsopano si earth ya nyumba. Ndi bonding, yoonetsetsa kuti paipi ndi zitsulo za zipangizo zisasiyane mavoti pakachitika vuto. Nthawi zambiri amakhala waya wa 10 mm², womangidwa pafupi ndi pamene paipi yalowera. Womasula pokonza paipi aubwezeretse pa chitsulo, osati pa pulasitiki.

Ntchito ikatha pafunika wa magetsi adzayeze ndi mita yake ngati earth ikadalipo. Kudina batani loyesera pa RCD sikuyankha funso limeneli, chifukwa batanilo limagwetsa RCD ngakhale nyumba ilibe earth n'komwe.