Kuwerenga anthu a ku Nicodemus, Kansas

Kalembera wa ku America wa 2020 anapeza anthu 14 ku Nicodemus, kamudzi ka m'boma la Graham ku Kansas. Wophunzira mbiri ya malo otere asathamangire kulemba nambalayi asanafunse kuti anawerengera m'malire ati.

Nicodemus ilibe khonsolo, meya kapena malire a tauni ovomerezeka ndi lamulo. Ofesi ya kalembera imangojambula mzere wake pa mapu kuti ipeze powerengera, ndipo banja lokhala pa famu kunja kwa mzerewo sililowamo. Apa ndi pamene ambiri amaphonya: amatenga chiwerengero cha dera lonse lotchedwa township cha chaka china, n'kuchiika pambali pa cha kamudzi kokha, kenako n'kunena kuti anthu anathawa. Komanso mu 2020 ofesiyo inkasintha dala manambala pang'ono pobisa chinsinsi cha anthu. Mumzinda waukulu zimenezi sizioneka, koma pa anthu ochepa chonchi awiri kapena atatu ndi ambiri. Kalembera amawerenganso munthu kumene amakhala nthawi zonse pa 1 Epulo, choncho zidzukulu zimene zimadzaza mudziwu kumapeto kwa Julaye chaka chilichonse, pa mwambo wobwerera kwawo, zimalembedwa kwina.

Mudziwu unayamba mu 1877. Anaukhazikitsa ndi anthu akuda, ambiri ochokera ku Kentucky, amene anali atamasulidwa ku ukapolo. Chinawakoka ndi lamulo la Homestead la 1862, lopatsa munthu maekala 160 akakhalapo ndi kulimapo zaka 5. Gulu lalikulu linafika mu Seputembala, nyengo yobzala itadutsa, m'chigwa chopanda mitengo yomangira. Anakumba nyumba m'nthaka n'kufolera ndi zibuma za udzu, ndipo utsi unkatuluka pansi ngati palibe nyumba. M'zaka za m'ma 1880 panali masitolo, banki, mahotela, nyuzipepala ziwiri ndi anthu mazana angapo. Mmodzi wa iwo, Edward McCabe, anasankhidwa mu 1882 kukhala woyang'anira mabuku a ndalama a Kansas yonse.

Chinapha malonda ndi njanji. Mu 1888 ya Union Pacific inadutsa kummwera kwa mtsinje wa Solomon, ndipo pa siteshoni panabadwa tauni ya Bogue. Mlimi wa tirigu amagula zinthu kumene amakwezera mbewu zake, motero eni masitolo anasamukira komweko, ena atanyamula ndi nyumba zomwe. Chilala ndi mphepo za fumbi za m'ma 1930 zinadzangomalizitsa. Zatsala ndi nyumba zakale 5, zimene boma la America linaziteteza mu 1996: matchalitchi awiri, sukulu, hotela ndi holo ya township.

Chowawa n'chakuti mapepala amene akanaonetsa bwino kugwa kumeneku kulibe. Ambiri a kalembera wa 1890 anawonongeka pa moto wa mu 1921 ku Washington. Mwayi wake, Kansas inkachita kalembera wakewake, ndiye tengani wa 1885 ndi wa 1895, mutsate mabanja dzina ndi dzina kuti muone amene anatsala ndi amene anachoka. Mapepala a kalembera wa dziko lonse okhala ndi mayina amatsegulidwa pakatha zaka 72. A 1950 anatuluka mu 2022.

Zikalata za malo n'zothandizanso kwambiri, chifukwa zimatchula mwini wake ndi pamene munda unali. Chenjerani ndi deti lolembedwapo. Chikalata chinkaperekedwa munthu atatsimikiza kale kuti wakwanitsa zaka zokhalapo, ndiye cha 1884 chikhoza kukhala cha banja limene linafika mu 1878. Amene analephera n'kuchoka zakazo zisanakwane sanalandire chikalata. Mayina awo muwafune m'mafayilo a zopempha malo ku National Archives, kumene boma la America limasunga zikalata zake zakale.