Mmene tinasungirana ulemu pogona m'chigulu pa ulendo wa Haji

Kutatsala masabata atatu kuti tinyamuke ku Nkhotakota kupita ku Haji ya chaka cha 2023, a Shehe amene ankatiphunzitsa anatipatula ife amene tinkapita ndi akazi athu, natikhazika pakhonde la mzikiti swala ya Asiri itatha. Za tawafu (kuzungulira Kaaba, nyumba yopatulika ya ku Makkah), za kuyenda pakati pa timapiri ta Safa ndi Marwa ndiponso za kugenda zipilala tinali titaphunzira kale, koma tsikulo anati yatsala nkhani imene anthu amachita nayo manyazi kufunsa, ndipo manyaziwo amakawavutitsa akafika. Anatiuza kuti ulendo wonse sitidzakhala ndi chitseko chathuchathu chotseka, tidzagona ndi kuvala pakati pa anthu, ndipo akazi athu tizidzawaona ngati alendo okumana nawo panjira. Ndaganiza zolemba zimene tinadutsamo chifukwa abale amene akukonzekera ulendowu amandifunsa momasuka za ndalama ndi katemera, koma za kogona amafunsa monong'ona, pamene ndikuwaperekeza.

Lamulo lake lili m'Qur'an, mu Surah Al-Baqara ndime 197, pamene akuletsa munthu amene walowa m'mapemphero a Haji kuchita za m'banja, kuchita zoipa ndi kukangana. A Shehe anafotokoza kuti munthu akavala ihramu, chovala cha Haji, ndi kupanga niya (kutsimikiza mumtima kuti walowa m'mapempherowo), saloledwa kukhala malo amodzi ndi mkazi wake, ngakhale kumugwira kapena kumupsompsona mwa chilakolako. Wokhala malo amodzi ndi mkazi wake asanafike pa kumasuka koyamba (pamene zoletsa zambiri za ihramu zimachotsedwa) waononga Haji yake, komabe ayenera kuimaliza, kuzinga ngamira, ndi kudzaibwereza. Kwa ife amene tinakula tikumva makolo akunena za kudika, kudziletsa kotere sikunali kwachilendo. Chimene sindinachiganizire ndi chimene akazi anga anandifunsa usiku womwewo kunyumba, mwera ukuomba kuchokera kunyanja: "Bambo, nanga ndikadzakhala ndi nkhani ya ine ndekha, ndidzakuuzirani pati?" Ndinalibe yankho. Tinagwirizana kuti wina akalemba pafoni mawu akuti "madzi atha", ndiye kuti tikumane msanga pakhomo la malo a amayi, ndipo wolandira uthengawo asayambe kufunsa mafunso pafoni pamene anzake akumva. Ndikulangiza banja lililonse kukambirana zotere lisananyamuke, chifukwa uko mutu umadzaza ndi zina.

Chachiwiri chimene ndinachita ndisananyamuke ndi kuphunzira kuvala ihramu m'chipinda mwanga. Mwamuna amavala nsalu ziwiri zoyera zosasoka, ina m'chiuno ina m'mapewa, popanda kabudula wamkati, pamene malo oyenera kubisika ndi kuyambira pamchombo mpaka m'mawondo. Kuimirira nayo n'kosavuta, koma kukhala pansi, kugwada, kukwera basi ndi kudzuka pamkeka kumafuna kuzolowera. Kakhalidwe kathu kotambalala miyendo pamkeka kamavula munthu mwini wake osadziwa. Ndinagula nsalu yam'munsi yotakata ndi yokhuthala, chifukwa yopyapyala ikanyowa ndi thukuta imaonetsa thupi, ndipo ndinagulanso lamba woimangira. Masiku angapo ndinkagona nayo usiku wonse kuti ndione mmene ikhalire pofika m'mawa.

Tinayamba ndi Madinah, ndipo ihramu ya Umra, imene ndi Haji yaing'ono, tinavalira pa Dhul Hulayfa, kunja kwa mzindawo. Ku Makkah anatigawa anayianayi pa chipinda, abambo kwaokha amayi kwaokha, bafa limodzi pa chipinda chilichonse. M'chipinda mwathu munali agogo ena a ku Dwangwa, ndipo usiku woyamba, tisanamasule n'komwe zikwama, anatikhazika pansi kuti tipangane. Wosamba azivalira m'bafa momwemo, osatuluka ndi thaulo lokha. Wobwera kuchokera kunja aziodira ngakhale ali ndi kiyi m'manja. Mkazi wa munthu asalowe m'chipinda mwathu, ndipo ife tisakagogode kwa amayi, koma tiziimba foni n'kudikira pansi polandirira alendo. Anatikumbutsa kuti Surah An-Nur ndime 58 imatchula nthawi zitatu zimene ngakhale ana a m'nyumba ayenera kupempha chilolezo asanalowe, kusanache, masana pamene munthu wavula kuti apume, ndi swala ya Isha itatha. Anati ngati ana ako omwe amaodira, kuli bwanji ife amene tangodziwana pabwalo la ndege. Zinandikumbutsa kwathu kunyanja, kumene dooko la amayi lilibe mpanda, koma mwamuna wolemekezeka amaodira ali patali ndi kulambalala.

Pa tawafu panali kanthu kena kochepa. Ambiri a ife timatsata chiphunzitso cha Imam Shafi'i, chimene chimati khungu la mwamuna likakhudzana ndi la mkazi wake udhu, kudziyeretsa ndi madzi kumene kumafunika pa tawafu, waduka. Pa khamu lozungulira Kaaba munthu amafuna kumugwira dzanja mkazi wake kuti asasowane, choncho ine ndinkagwira chingwe cha kachikwama kamene akazi anga anabereka kumsana.

Nthawi imene anthu ambiri sakonzekera ndi ya pakati pa Umra ndi Haji. Ife tinachita Haji ya tamattu, kutanthauza kuti ukamaliza Umra umameta kapena kuyepula tsitsi, umavula ihramu, ndipo zonse zimene zinaletsedwa zimaloledwanso mpaka tsiku la 8 la mwezi wa Dhul Hijja. Mwa lamulo la chipembedzo mwamuna ndi mkazi wake ali omasuka masiku amenewo, koma malo alibe. Amene ali ndi ndalama amalipiriratu chipinda cha anthu awiri asananyamuke, ndipo ena amakalipira chipinda kwina kwa usiku umodzi popanda kulengeza kwa gulu. Njira ziwirizi ndilibe nazo vuto. Chimene ndinachiona kuti n'cholakwika ndi chimene anachita m'bale wina wa chipinda choyandikana ndi chathu, amene anapempha anzake atatu kuti alawirire ku mzikiti ndipo asabwere msanga. Iye ankaona ngati wachita mwanzeru, koma atatu aja anamvetsa, nkhani inafika kwa akazi awo, ndipo pofika madzulo gulu lonse linali litadziwa. Amene anasenza manyaziwo sanali bamboyo. Anali mayi wa kunyumba kwake, amene masiku otsatira ankadya chakudya atazolika ndipo anasiya kukhala nawo pa macheza a amayi anzake. Chipinda chogona anthu anayi ndi cha anthu anayi, ngakhale atatu atatuluka kapena atagona tulo, ndipo chinthu chololedwa sichipatsa munthu ufulu wosandutsa anzake alonda a pakhomo. Ine ndi akazi anga tinasankha kudikira mpaka kunyumba, ndipo popeza tinali titakambirana kale ku Nkhotakota, palibe amene anamva ngati mnzake wamutaya.

Pa 26 June, limene linali tsiku la 8 la Dhul Hijja, tinavalanso ihramu n'kupita ku Mina, mtunda wa makilomita pafupifupi 8 kuchokera pa mzikiti waukulu. Chaka chimenecho ochita Haji anaposa 1.8 miliyoni, ndipo ambiri mwa iwo anagona m'chigwa chimenechi, m'matenti oyera osagwira moto amene anamangidwa pambuyo pa ngozi ya moto ya mu 1997. Apa zimene tinapangana kuhotela zinachepa mphamvu, chifukwa panalibenso chitseko choodirapo. M'tenti mwathu tinalimo amuna makumi angapo, aliyense ndi kamatiresi kopapatiza kogundana ndi ka mnzake, moti ukatembenuka phewa lako limakhudza la wina. Pofuna kusintha nsalu yam'munsi ndinkayang'ana kukhoma la tenti, n'kuzunguliza yatsopano pamwamba pa yakale, kuimanga, kenako n'kugwetsa yakaleyo pansi, monga amachitira amayi ndi chitenje akatuluka m'madzi. Pogona ndinkagonera m'mbali, mawondo pamodzi, nsalu yam'mwamba nditafunda m'miyendo, mutu uli pamtunda chifukwa mwamuna wa mu ihramu safunda kumutu.

Ngakhale munthu asamale chotani, tulo tikamugwira nsalu imayenda. Usiku woyamba ndinadzuka kupita kuchimbudzi, ndipo ndinapeza agogo aja a ku Dwangwa ali m'tulo tofa nato, nsalu yawo itakwera. Ndinayang'ana kumbali, ndinatenga nsalu yawo yam'mwamba n'kuwafunditsa, ndipo m'mawa sindinawauze, sindinauzenso wina aliyense pa ulendo wonsewo. Ndikukhulupirira kuti inenso alipo amene anandichitira zomwezo ine osadziwa. Zimbudzi za ku Mina ndi tizipinda tating'ono tokhala ndi posambira momwemo, mizere yake imatalika swala ikayandikira, ndipo zitseko zina sizikhomeka bwino. Usakankhe chitseko, gogoda n'kudikira, ndipo ukalowa upachike nsalu pamwamba pa chitseko kuti wakunja aone kuti muli munthu. A Shehe anatiuziratu kuti kudzilotera m'tulo sikuononga Haji ndipo kulibe dipo, munthu amangosamba janaba, kusamba thupi lonse kodziyeretsa, n'kusintha nsalu. Chifukwa cha zimenezi ndi bwino kunyamula ihramu yapadera, ndipo ukaona mnzako akupita kukasamba pakati pa usiku, usamufunse chifukwa chake ngakhale mwa nthabwala.

Cholakwa changa chinali cha foni. Tsiku loyamba lomwelo ndinaimbira ana kunyumba ku Linga pa WhatsApp, ndipo chifukwa cha chisangalalo ndinayamba kuzunguliza kamera kuti aone mmene tentiyo inalili. Bambo wina amene anali pambali panga anandigwira pamkono nati: "Achimwene, foni yanuyo ikuona zimene maso anu akupewa." Nditayang'ana ndinaona kuti kumapeto kwa tenti munthu wina anali kumanga nsalu yake, ndipo ena anali gone, zifuwa zili pamtunda. Ndinadula foni, ndinapita kwa womanga nsaluyo kukapepesa, ndipo kuyambira pamenepo ndinkaimbira panja. Surah Al-Hujurat ndime 12 imaletsa kusuzumira za anthu ndi kujeda, ndipo chithunzi chikafika pa gulu la WhatsApp la kumudzi palibe amene angachibweze. Kwa amayi nkhaniyi ndi yaikulu koposa, chifukwa m'tenti mwawo amavula mipango kuti apume.

Madzulo a tsiku lomwelo uthenga uja unabwera: "madzi atha". Akazi anga andilola kulemba zimene zikutsatirazi, poganizira amayi ena. Ndinawapeza pakhomo la tenti ya amayi, maso ali ofiira. Pafupi panali anthu a gulu lathu amene akanamva Chichewa, choncho tinayenda pang'ono mpaka pamene panali anthu a zilankhulo zina, ndipo pakati pa khamu limenelo ndi pamene tinapeza malo olankhulira zathu. Anandiuza kuti ayamba kumwezi masiku asanakwane, ndipo ankaopa kuti ndalama zimene tinasonkhanitsa kwa zaka zambiri zapita pachabe. Sindikanatha kuwakumbatira pa malo ngati amenewo, komanso tonse tinali mu ihramu, choncho ndinangoima nawo pafupi n'kuwakumbutsa zimene tinaphunzira, kuti zomwezi zinawachitikira mayi Aisha pa Haji yotsanzika ya amuna awo, Mtumiki Muhammad, mtendere ndi madalitso zikhale pa iye, ndipo anauzidwa kuti achite zonse zimene wa Haji amachita kupatula tawafu mpaka atayera. Tinagwirizana kuti auze mayi mmodzi yekha wachikulire wa m'tenti mwawo, woti aziwaperekeza kuchimbudzi ndi kuyankha anthu ofunsa chifukwa chimene sakuswalira. Ine ndinauza mtsogoleri wa gulu tili awiri, chifukwa iye ndi amene ankadziwa tsiku la ndege yathu ndipo anayenera kuwerengera ngati masiku akwanire kuti akazi anga achite tawafu atayera.

Ku Arafa pa 27 June anaima nafe limodzi ndi kupempha maduwa mpaka dzuwa kulowa. Usiku wa ku Muzdalifa kulibe tenti, anthu amagona pansi pamtetete, amuna ndi akazi moyandikana. Amayi a gulu lathu tinawaika pakati, ife tinagona m'mphepete mowazungulira, zikwama zili pakati pa ife ndi iwo, nkhope titalozetsa kunja.

Pa tsiku la 10 ndinagenda chipilala chachikulu, nyama inazingidwa, ndinameta, ndipo ndinavala zovala zanga zamasiku onse. Kumeneku ndiko kumasuka koyamba, kumene kumabweza zonse kupatula za m'banja. Nditachita tawafu ya ifadha, imene Haji siikwanira popanda iyo, ndi kuyenda pakati pa Safa ndi Marwa ndinamasuka kotheratu, koma akazi anga anali asanachite tawafu yawo, choncho kwa iwo chiletso cha za m'banja chinali chikadalipo, ndipo mwamuna ayenera kudziwa kuti kumasuka kwake sikumasula mkazi wake. Anayera kutatsala masiku awiri kuti tinyamuke. Tinapita ku mzikiti pakati pa usiku, kutentha kutachepa, ndipo pamene ankazungulira Kaaba kasanu ndi kawiri ine ndinkayenda kumbuyo kwawo nditagwira chingwe cha kachikwama kaja, ndikuwawerengera maulendo monong'ona.