Zikomo kwa ana athu a ku Bunda

Ife amayi a kalabu ya ulimi kuno ku Mitundu tikuthokoza aphunzitsi ndi ophunzira a yunivesite ya LUANAR ku Bunda, omwe anapatula ndalama zina za kafukufuku wawo n'kubwera kudzalima nafe.

Kunena zoona, poyamba tinkawakayikira. Taona ambiri obwera ndi mapepala a mafunso, kutijambula zithunzi, basi osadzaonekanso. Awa anabwera ndi mbewu ya soya ndi timapaketi ta inokyulanti, ufa wakuda wosakaniza ndi mbewu musanabzale.

Mtsikana wina, chitenje m'chiuno, anagwada m'munda, nazula tsinde la soya kutionetsa timatuza ta kumizu. Ataphwanya kamodzi ndi chikhadabo, mkati munali mofiira. Anati tizilombo ta m'menemo tikukoka nayitrojeni mumpweya, chakudya chomwecho chimene timachigula modula mu feteleza wa yureya. Agogo ena anaseka, amvekere: "Zaka zonsezi ndimayesa ndi matenda!"

Chaka chotsatira tinabzalamo chimanga, chinabiriwira bwino.

Zikomonso bambo adalaivala, munatinyamulira matumba ulere mvula ikugwa. Mukadzadutsa, nsima ya nkhwani wotendera ikudikira.