Chigoba cha dzira chandimasulira mitu itatu

Mtima wanga wakhala pansi tsopano. Nkhani ya zokutira kunja imapezeka m'bayoloje, m'jogalafe ndi m'kemisitiri ngati mitu yosagwirizana, koma ndaona kuti funso lake ndi limodzi: chokutirachi chikulola chiyani kudutsa, nanga chikukaniza chiyani?

Chimene chandithandiza ndi dzira. Chigoba chake chimaoneka chotsekeratu, pomwe chili ndi timabowo masauzande ambiri, ndipo mwanapiye amene akukula mkatimo amapumira momwemo. Okosijeni amalowa, carbon dioxide ndi chinyezi zimatuluka. Mukalipaka mafuta dzira lonselo, timabowo timatsekeka ndipo kamwanapiye kaja kamafera mkati. Ndiye kuti chigoba chikuteteza, komanso chikusankha.

Nditangogwira pamenepa, zinazo zinabwera zokha. Tsamba lili ndi phula pamwamba kuti madzi asathawe, komabe ma stomata, timabowo ta patsamba todutsira mpweya, amatseguka ndi kutseka. Cell membrane, yomwe imakutira selo, yopyapyala mpaka ma nanomita pafupifupi 10 okha, okosijeni imamulola kudutsa mosavuta, koma sodium amachita kudalira mapuloteni ake apadera omwe amakhala mu membrane momwemo, monga mwa chithunzi chomwe asayansi Singer ndi Nicolson anapereka mu 1972. Ozoni nayo, mpweya womwe wakuta dziko pa makilomita 15 mpaka 35 m'mwamba, imagwira cheza chambiri choopsa cha dzuwa chotchedwa UV, kuwala komwe timaonera n'kumadutsa.

Njira yanga ndi iyi: jambulani mzere umodzi, mbali ino kunja, mbali inayo mkati, kenako mivi ya zolowa ndi zotuluka. Ine ndikukhulupirira kuti palibe njira ina yoposa imeneyi, ngakhale manotsi a masamba khumi sangafanane nayo.

Chimandipweteka n'chakuti mphunzitsi aliyense amangothamanga ndi silabasi yake. Timaloweza epidermis (khungu lakunja) lero, mawa testa (khungu la mbewu), osapezeka wotiuza kuti izi n'zachibale. Nthawi yofunsa sipezeka.

Pomwe ndikukayika ndi pa crust, chigoba chakunja cha dziko. Pansi pa nyanja zikuluzikulu ndi yokhuthala makilomita 5 mpaka 10, pansi pa mapiri a Himalaya imafika cha m'ma 70. Kutentha kumatulukamo, chiphalaphala chimatulukamonso, koma kodi pamenepo pali kusankha? Ma electron akunja kwa atomu ndiye akundisokoneza kwambiri, chifukwa sakutira kanthu kwenikweni, ngakhale ndi amene amalamulira mmene atomu imalumikizirana ndi inzake. Mwina mivi yanga ija ndikuikakamiza pamalo pomwe siyenera.