Loweruka: gondwa wakwera yekha pamkono panga

Ndafika pakhomo cha m'ma 8 koloko m'mawa kuchokera ku ntchito ya usiku, kunja kukuwaza kamvula kozizira ka Novembala ka kuno ku Leicester. Jekete ndisanavule n'komwe, ndalunjika kuchipinda kumene kuli khola la gondwa. Magetsi ake anali atangoyaka kumene, iye asanatuluke kuuna. Ndaphika tiyi, ndasamba, ndipo pobwerera ndaloza kachipangizo koyezera kutentha pamwala umene amaotherapo: madigiri 55. Pamenepo mtima wanga wakhala pansi, chifukwa tsiku lonse la nyama imeneyi limayambira pamwala umenewu. Pakazizira sadya, ndipo akadya chakudyacho sichigayika.

Kenaka dothi la pakhomo pa una lagwedezeka. Choyamba kutuluka ndi lilime, lakuda mobiriwira, la mphanda, kulowa ndi kutuluka. Kenaka mphuno, diso limodzi. Wakhala choncho nthawi yaitali ndithu, kundipima. Atakhutira wakwawira pamwala n'kudziyala, mimba phwathalala, miyendo tambalale.

Miyezi isanu ndi iwiri yakwana chimutengereni kwa mnzanga wa kuntchito amene amasamukira kunyumba yosalola ziweto. Azungu amamutcha Bosc monitor, dzina la Mfalansa amene anamulemba m'mabuku a sayansi mu 1792, koma ine nditangomuona ndinati uyu ndi gondwa. Sindinaphonye kwenikweni. Ndi m'bale weniweni wa gondwa wathu wa m'miyala, mpaka kale akatswiri ankawaika mumtundu umodzi. Kungoti uyu kwawo ndi kumtunda, mbali za Ghana, Togo ndi Benin, ndipo sakula ngati wathu. Ambiri safika n'komwe mita imodzi.

Tsiku limene ndinkamutenga mnzangayo anandiuza kuti ndi wozolowera anthu, ngakhale mwana akhoza kumunyamula. Zinkaonekadi choncho. Ukamuika pachifuwa ankangoti zii, maso ali tsinzinu. Ndinakhulupirira kwa milungu iwiri, mpaka dokotala wa ziweto atamugwiragwira m'mimba ndi patsinde pa mchira n'kundiuza kuti nyamayi ndi yonenepa mopitirira, komanso yakhala ikusungidwa mozizira. Kutsinzina kuja sikunali kukondwa. Buluzi wamkulu akasowa pothawira amatseka maso n'kungodikira kuti zimene zikumuchitikirazo zithe. Mawu amenewa anandilasa, ndipo mpaka lero ndikaona zithunzi pa Facebook za anthu atakumbatira abuluzi otsinzina, sindisangalala nazo.

Nditawonjezera magetsi otenthetsa n'kumuthirira dothi losakaniza ndi mchenga lofika m'mawondo kuti azikumba, gondwa weniweni anadzuka. Kufufuma pakhosi, kufwenthera ngati tayala lobooka, mchira kukwapula chitseko. Mayi akunyumba anati ndamuwononga. Ine ndinaona kuti ndi pamene wayamba kukhala moyo.

Cha m'ma 10 koloko yakwana nthawi ya chakudya. Lero ndinamukonzera dzombe 8 ndi nkhono zinayi. Dzombelo ndimagula m'timabokosi kusitolo ya ziweto, ndimayamba ndalidyetsa masamba kwa tsiku limodzi, kenaka ndimaliwaza ufa wa kashiamu kuti mafupa ake asafewe. Kwa mnzanga uja ankadya mbewa za mufiriji kawiri pamlungu, nthawi zina chakudya cha agalu cha m'chitini. Ndiye panagona vuto. Amene anafufuza agondwa amenewa kutchire ku Ghana anapeza kuti m'mimba mwawo mumadzaza tizilombo: abongololo, zinkhanira, nkhono, mphutsi za zikumbu, ndipo ana awo amakonda nkhululu, zomwe zija tinkakumba kumunda tili ana n'kukazinga. Mbewa n'zapatalipatali. Kuwonjezera apo, kutchire amadya kwambiri nyengo ya mvula yokha. Chilimwe chikafika amalowa pansi miyezi ingapo osadya, akukhalira mafuta amene anasunga m'mimba ndi mumchira. Thupi lake linapangidwira kudya chilichonse chimene chapezeka lero, chifukwa njala ikubwera. Tsono ukamuika m'nyumba mmene njalayo siifika, iye sadziwa. Amangodyabe, mafuta n'kukuta chiwindi, mpaka kufa asanakalambe mwiniwake akuti ndimamusamala.

N'chifukwa chake sindimufunsa iye ngati wakhuta. Sangakane. Ndimafunsa sikelo ndi tsinde la mchira.

Ndisanatsegule chitseko ndimayamba ndaonetsa kandodo kamene ndinamangirira kampira kofiira kunsonga. Nzeru imeneyi ndi ya osamala nyama kumalo osungirako zinyama, amene amaphunzitsa nayo ngakhale abuluzi akuluakulu a ku Komodo. Kampira kakaoneka, ndiye kuti kuli chakudya. Akakagunda ndi mphuno, chopanira chachitsulo chimabwera ndi dzombe. Kampira kulibe, chakudyanso kulibe. Lero atangokaona anasintha thupi lonse: mutu m'mwamba, lilime likuthamanga, maso ali tong'o. Gondwa wa nthawi ya chakudya ndi nyama ina, si yemwe uja amaothera pamwala. Chilichonse choyenda amachiwakha asanaganize.

Chipsera chili pachala changa chachikulu chinabwera choncho m'mwezi wachiwiri. Ndinagwira nkhono ndi manja, osasamba, n'kupisa dzanja m'khola kuti ndichotse mbale ya madzi. Iye dziko amaliona ndi lilime: limatola fungo n'kukalipereka kutimaenje ta kum'kamwa kwake kumwamba, ndipo mphanda ziwirizo zimamuuza mbali imene fungolo likuchokera. Chala chonunkha nkhono kwa iye chinali nkhono. Anagwira osataya, ine ndikulimba mtima kuti ndisakoke, poopa kung'ambika kwambiri ndi kumuthyola mano. Sindinamusungire mangawa. Koma kuyambira tsiku limenelo dzanja langa ndi chakudya sizilowera limodzi.

Dzombe analitha mosakhalitsa. Limodzi ndinalitaya dala pansi pa makungwa kuti alisake, ndipo anafukula ndi zikhadabo mpaka kulipeza. Koma chimene ndimakonda kuonerera ndi nkhono. Amaitola ndi nsonga ya kamwa, amatukula mutu, amaikankhira kumbuyo kumene kuli mano obuntha, kenaka umangomva kuti gwa, chigoba chasweka. Ali wamng'ono mano ake amakhala osongoka, akamakula akumbuyowo amasanduka ngati timiyala toperera. Atameza anapukuta kamwa pamwala, mbali iyi ndi mbali iyo, n'kubwerera pansi pa getsi.

Ndagona mpaka 2 koloko. Nditadzuka ndasamba m'manja ndi sopo kawiri, ndavala juzi yakale ija imene ndinaisiyapo m'khola mlungu wathunthu kuti azolowere fungo langa, ndatsegula chitseko n'kukhala pansi, mkono nditaugoneka pakhomo pa khola. Izi ndakhala ndikuchita pafupifupi tsiku lililonse kwa miyezi inayi. Sindimugwira, sindimufukula kuuna, sindimudzera cham'mwamba, pakuti kwa iye chochokera kumwamba ndi chiwombankhanga. Ndimangokhala. Agogo anga ankati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo masiku ambiri ndimadzuka pamenepo msana ukuwawa, iye osasuntha n'komwe.

Lero anatsika pamwala. Anabwera pang'onopang'ono, thupi losafufuma, mchira uli gone. Lilime linakhudza chikhato changa, kenaka pamfundo ya dzanja, lopepuka ngati udzu. Anaima. Ndinamva mtima wanga ukugunda m'makutu. Kenaka anaponda ndi mwendo umodzi, wachiwiri, zikhadabo zikulowa mujuzi, mpaka thupi lonse linali pamkono panga, lofunda ngati mbatata yootcha, lolemera kuposa mmene ndinkaganizira. Anafika paphewa, ananunkhiza khutu langa. Maso ake anali otsegula nthawi yonseyi. Chimenechi ndicho ndinkayang'ana, maso.

Sizinathe mphindi zitatu. Anatembenuka yekha n'kutsikira m'khola, ine osamuletsa.

Sindikunena kuti amandikonda. Galu amakonda, gondwa ayi. Chimene chachitika n'chakuti wandiyeza miyezi yonseyi n'kupeza kuti sindine chakudya, sindinenso mdani, ndipo akhoza kubwera n'kuchoka mmene wafunira. Kwa nyama imene mwina inabadwira kutchire, izi n'zazikulu. Pajatu ambiri ogulitsidwa kuno sanaswedwe m'makola: amachita kufukulidwa ali ana, kapena amaswedwa kuchokera m'mazira a zazikazi zogwidwa zili ndi mazira, n'kutumizidwa kunja pansi pa zilolezo za CITES, pangano la maiko loyang'anira malonda a nyama zakutchire. Amagulidwa motchipa ali kakang'ono kokwana m'dzanja, wogula osadziwa kuti kadzafuna khola la mamita awiri ndi theka ndi magetsi oyaka tsiku lonse. Wina atandifunsa lero ngati agule, ndingamuuze kuti ayi. Uyu ndinamutenga chifukwa anali kale pano, wopanda kolowera.

Mayi akunyumba anaona zonse ataima pakhomo, mwana atamugwira dzanja.

"Abambo, musanamugwire mwanayu mukasambe kaye," anatero, koma akumwetulira.

Akunena zoona. Abuluzi amanyamula tizilombo ta salmonella toyambitsa matenda otsegula m'mimba, ndipo mwana wathu sanakwane zaka zisanu, choncho m'chipindamo salowa, amaonera pagalasi la chitseko.

Madzulo ndinaimbira amayi ku Mangochi pa WhatsApp n'kuwafotokozera. Anayamba akhala chete.

"Mwana wanga, chinthu chimenecho sichidzandilumira mdzukulu wanga?"

"Ayi amayi, khola lake ndi lokiya, ndipo mwana safikako."

Iwo amati ng'azi basi, sasiyanitsa. Anandikumbutsa ng'azi ija inkatha mazira m'khola la nkhuku kwathu, ife anyamata n'kumaithamangitsa ndi miyala mpaka kukadziponya m'madzi. Ndinawauza kuti ng'azi yomweyo ndi imene imafukula mazira a ng'ona m'mbali mwa Shire, ndipo yaikazi imaboola chulu nthawi ya mvula n'kuikiramo mazira, chiswe n'kumata pobookapo, mazirawo n'kumafundidwa mmenemo mpaka kuswa. Anati zimenezo sanazimvepo, chikhalirecho anakulira pambali pa nyanja. Ine ndinakumbuka miyala ija, ndipo sindinayankhule kanthu kwa kanthawi.

Magetsi azima 8 koloko usiku. Ndamumva akukumba, dothi likuwaza pagalasi, kenaka zii. Ndalemba m'kope: dzombe 8, nkhono 4, pamwala madigiri 55, wakwera yekha. Pamkono pali timizere tofiira ta zikhadabo, ndapakapo mankhwala. Mawa ndi Lamulungu sadya kanthu, koma 2 koloko ndidzakhalanso pansi pomwe paja.