Tsitsi likakana kubwerera pambuyo pa mankhwala a khansa ya m'mawere

Mayi akamaliza kemo, mankhwala amphamvu opha maselo a khansa, tsitsi limayamba kumera patapita mwezi umodzi kapena iwiri. Loyambalo limakhala lofewa ngati la khanda, nthawi zina lotuwa. Tsitsi limakula pafupifupi sentimita imodzi pamwezi, choncho kuliyang'ana pagalasi m'mawa uliwonse n'kudzizunza chabe. Koma ikakwana miyezi 6 mutu udakali mbee, kapena tsitsi linamera bwino kenako n'kuyamba kupyapyala paliwombo, muyenera kudziwa chomwe chikuchititsa musanagule chodzola chilichonse.

Zifukwa zikuluzikulu ndi ziwiri. Kemo ina, makamaka docetaxel, imatha kuwononga mizu ya tsitsi moti silibwerera lonse. Chifukwa chachiwiri, chomwe ambiri sachiganizira, ndi mapiritsi omwe amamwedwa kwa zaka 5 mpaka 10 kuti khansa isabwerenso: tamoxifen, anastrozole, letrozole kapena exemestane. Mapiritsiwa amatchinga kapena kuchepetsa homoni ya estrogen, imene khansa zambiri za m'mawere zimakula nayo. Tsoka lake, tsitsi la mzimayi limadaliranso homoni yomweyo. Silithothoka lonse ngati pa kemo, koma mzere wapakati pamutu umanka nukula ndipo khungu limaonekera. Chithandizo chowotcha khansa ndi cheza (radiotherapy) chapachifuwa sichithothola tsitsi la kumutu.

Tinene mosapsatira: musasiye tamoxifen kapena letrozole chifukwa cha tsitsi. Ngati zikukupwetekani mtima, uzani adokotala a khansa. Nthawi zina amatha kusintha mtundu wa piritsi, koma kusiya mwa nokha n'kutsegulira matenda chitseko.

Mukapita kukaonedwa, kaya ku Queen Elizabeth ku Blantyre, ku Kamuzu Central ku Lilongwe kapena kwina, pemphani kuyezedwa magazi: kuchuluka kwake, ayironi wosungidwa m'thupi amene amamutcha ferritin, ndi chithokomiro. Kuchepa magazi kokha kumathothola tsitsi, ndipo chodzola sichingathandize pomwe vuto lili m'mbale. Usipa, matemba, nyemba, mazira, chiwindi ndi bonongwe zimathandiza. Adokotala aonenso khungu la m'mutu, chifukwa chipere ndi mfundu zili ndi mankhwala akeake.

Mankhwala amene amagwiradi ntchito popanda kukhudza mahomoni ndi minoxidil wodzola. Wamadzi wa 2% amapaka mililita imodzi m'mawa ndi ina madzulo. Wathovu wa 5% amapaka kamodzi patsiku, theka la kachivindikiro kake. Apa ndi pomwe ambiri amalakwitsa. Mankhwalawa ndi a khungu, osati a tsitsi. Gawani tsitsi mizeremizere, donthezani pakhungu louma, sisitani ndi chala, kenako sambani m'manja ndi sopo. Musasambe m'mutu kwa maola 4. Dikirani kuti aume musanavale duku kapena wigi ndiponso musanagone, chifukwa akapita papilo amafika kumaso, ndipo mudzadabwa tiubweya tikumera m'masaya. Mafuta odzola m'mutu abwere pambuyo pake. Mukayamba ndi Vaseline kapena mafuta a nsatsi, mankhwala salowa.

M'masabata awiri mpaka 8 oyambirira tsitsi limatha kuthothoka kuposa kale. Ambiri amataya botolo panthawi imeneyi, pomwe ndi tsitsi lakale chabe likupereka malo kwa latsopano. Kusintha kumaoneka pakatha miyezi 4 mpaka 6. Kuwonjeza muyezo sikufulumizitsa kanthu, kumangobweretsa kuyabwa. Ngati wamadzi akukuyabwani, nthawi zambiri wolakwa ndi propylene glycol yemwe amasakanizamo, ndipo wathovu alibe. Dziwaninso kuti pa tsitsi lopyapyala chifukwa cha mahomoni, mukasiya kudzola, lomwe linameralo limathothokanso pakapita miyezi ingapo. Werengerani ndalama musanayambe. Oyembekezera ndi oyamwitsa asagwiritse ntchito, ndipo khungu lokhala ndi zilonda lisapakidwe. Oweta amphaka adziwe kuti mankhwalawa ndi poizoni kwa amphaka.

Minoxidil wakumwa aliponso, pamuyezo wochepa kwambiri, koma poyambirira anali mankhwala a BP. Amatha kutupitsa mapazi ndi kuthamangitsa mtima. Mayi amene analandira doxorubicin, kemo yofiira ija, kapena mankhwala ena a khansa otchedwa trastuzumab, mtima wake wadutsa kale pamoto, choncho piritsi limeneli lichokere kwa dokotala wodziwa mbiri yake yonse. N'chimodzimodzi spironolactone, piritsi lina lomwe nthawi zina limaperekedwa pa vuto la tsitsi, yemwe amafuna kumayezetsa potaziyamu m'magazi.

Finasteride ndi dutasteride, omwe abambo amamwa chifukwa cha dazi, madokotala ambiri amawapewa kwa mayi amene khansa yake inkadalira estrogen, chifukwa amasokoneza mahomoni. Zodzola zokhala ndi estrogen kapena zolembedwa kuti placenta musazikhudze. Mabotolo a "mavitamini a tsitsi" ogulitsidwa pa WhatsApp nthawi zambiri salemba zonse zomwe zili m'kati. Chenjerani ndi St John's wort, chitsamba chomwe chimafooketsa tamoxifen. Biotin, vitamini wopezeka kawirikawiri m'mabotolo otere, sayambitsa khansa, koma wochuluka amanamiza zotsatira za magazi, makamaka za chithokomiro ndi za mtima. Ngati mumamwa, uzani achipatala ndipo siyani masiku awiri kapena atatu musanayezedwe. Zosakaniza za azitsamba nazo palibe angakuuzeni muyezo wake.

Ku saluni, chenjerani ndi changu. Tsitsi latsopano limaduka msanga, choncho relaxer ndi utoto zidikire miyezi yosachepera 6 kuchokera pa kemo yomaliza. Kuluka kothina, meshi wolemera ndi guluu wa wigi zimazula tsitsi la m'mphepete mwa chipumi, ndipo mizu ikachita chipsera silimeranso ngakhale mudzole chiyani. Woluka akakoka mpaka mutu kupweteka, muuzeni amasule pomwepo. Wigi muzivula usiku, ndipo pansi pake pakhale kansalu kosalala.

Jambulani mutu wanu ndi foni musanayambe kudzola, kutsogolo ndi paliwombo, pamalo amodzimodzi owala, kenako miyezi itatu iliyonse. Ikatha miyezi 6 zithunzi zikufanana, kapena mwaona malo osalala onyezimira, mafinya, kutentha kapena kachotupa pakhungu la m'mutu, bwererani kuchipatala mukapemphe kuonana ndi dokotala wa khungu.