Zaka 6 ndikupanga ma RV ku Elkhart, kugonamo nde ndagonamo chaka chino

Amene mumakhala kuno ku South Bend mukudziwa kale kuti Elkhart ndi pompa apa, mphindi 30 pagalimoto, ndipo ma RV ambiri amene mumawaona m'misewu ya ku America amapangidwa komweko. Kwa inu a kumudzi amene simunaionepo, RV ndi galimoto koma ndi nyumbanso, muli bedi, khitchini, filiji, bafa ndi chimbudzi chomwe, ukatopa umangoimika penapake nkugona. Ine ntchito yanga kufakitale ndiyomangirira makabati ndi tizitseko take, tsiku ndi tsiku drill m'manja, zaka 6 zathunthu, koma kunena kuti ndinagonamo ngakhale usiku umodzi ayi ndithu. Zija amati mmisiri wa mipando amakhala pansi zija.

Nde mnzanga wina wa kuntchito, mzungu wachikulire, ali ndi yake yakalekale ya mamita 8, anandibwereka milungu iwiri kumapeto kwa Ogasiti, amvekere ungoibweza ili ndi petulo komanso thanki yakuda ili yotsuka. Za thanki yakudayo ndinangoti eya eya osadziwa kuti ndikuvomera chani.

Tinanyamuka ine, madamu ndi ana awiri, ulendo wa ku Yellowstone, paki yaikulu ya nyama zakutchire. Makilomita opitirira 2,000 abale, kudutsa Chicago kenako kungoutsata msewu waukulu wa I-90 mpaka kutopa nawo, Wisconsin, Minnesota, South Dakota, chimanga ndi soya mbali zonse mpaka maso kuwawa. Chigalimotocho chimamwa petulo ngati chidakwa cha kachasu, ndipo ku South Dakota mphepo ikachimenya m'mbali umachita kugwira chiwongolero ndi manja awiri uku ukupemphera chamumtima. Ku Badlands tinagona usiku umodzi, malo ake ngati zulu za chiswe zikuluzikulu zopanda mtengo, okongola ndithu koma kutentha kwake kwa ku Nsanje, sitinachedweko.

Ngozi yoyamba inatipeza ku Wyoming. Tinachoka ku Buffalo kukwera mapiri a Bighorn pa msewu wa 16, pamwamba pake pa Powder River Pass ndi pafupifupi mamita 2,950, kenako kutsetsereka mu Ten Sleep Canyon, makona okhaokha. Pa kona ina ndinangomva phuu kumbuyoku, ana kukuwa. Kabati ya pamwamba pa sinki yatseguka, chithumba cha ufa chagwa nkuphulika, nyumba yonse mbuu, mwana wamng'ono ngati wachokera ku chigayo. Madamu anangondiyang'ana amvekere abambo ake, si inu mumamanga makabatiwa? Ndinayesa kufotokoza kuti iyiyi inapangidwa ndisanayambe ntchito komanso si fakitale yathu, palibe anandimvera. Kachokowera kake kanali katakhwefuka, sikuluwu imodzi yokha basi. Tinatha ola lathunthu tikusesa pambali pa msewu, ufa otsala tinachita kuusunga ngati mankhwala.

Ku Yellowstone tinalowera geti la kum'mawa kuchokera ku Cody, nkukaima pa Fishing Bridge, pafupi ndi nyanja ya Yellowstone. Mu paki yonseyo ndi pokhapo pamene RV umailumikiza ku magetsi, madzi ndi paipi ya zoipa, ndipo malo ake umabukitsa miyezi yambiri isanakwane. Matenti salola pamenepo, chifukwa ndi dera la zimbalangondo zija amati grizzly. Lamulo lake chakudya chilichonse, mapoto, ngakhale mankhwala otsukira mano, osasiya panja. Tsono ife tinali ndi usipa wouma umene alamu anga anabwera nawo kuchokera kumudzi, mukuudziwa fungo lake usipa ukamakazingidwa. Madamu akukazinga ine ndili pawindo kuyang'ana kutchire, kuganiza kuti chimbalangondo chimene chakhala chikudya nyerere ndi tizipatso moyo wake onse chikamva zimenezi chitisiya? Sichinabwere, koma mawindo tinagona otseka.

Nsima nayo inavuta. Pamenepo uli pa mamita 2,350 ndi kanthu, madzi amawira asanatenthe mokwanira, pafupifupi madigiri 92 m'malo mwa 100, nde phala limaoneka ngati lapsa pomwe silinapse. Tsiku loyamba tinadya yosapsa, madamu kukhumudwa ngati wawanyoza munthu. Kenako anazolowera kulisiya phala lithakathake nthawi yaitali.

Koma chimene ndinakondera moyo wa mu RV ndi m'mawa. Anthu a m'mahotela a kunja kwa paki amadzuka 4 koloko kuti afike nyama zisanabisale, ife ndimangodzuka ndekha 5 koloko, kuchotsa mapaipi, kuliza injini, kunyamuka ndi nyumba yonse, ana atamangidwa malamba ali m'mabulangete akusinza. Mphindi zochepa tafika ku Hayden Valley, kuimika pambali, kutereka tiyi, kumamwa uku ukuyang'ana pawindo nkhungu ikuchoka pa mtsinje. Kuzizira kwake ngati Juni wa ku Dedza ngakhale kuno amati nchilimwe.

Njati zawo amazitcha bison, ndi zosiyana ndi zathu za ku Liwonde, izi zili ndi linunda ngati ng'ombe ya kumudzi, ndevu, ndi chiubweya kutsogolo kokha ngati zavala jekete koma buluku zaiwala. Yamphongo imafika makilogalamu 900. Ogasiti ndi nyengo yokwerana nde zamphongozo zimangobuula, kugubuduka m'fumbi, kugundana mitu. Zikafuna kuwoloka msewu magalimoto onse amaima, ife tinakhalapo mphindi 40, ina inadutsa pafupi ndi galasi mpaka ndinamva kupuma kwake. Lamulo ndi loti utalikirane nazo mamita 23, zimbalangondo ndi mimbulu mamita 91, koma anthu ena kaya amaganiza bwanji, mayi wina anatsika ndi foni kumayandikira kuti ajambule selfie. Ife amene tinakula tikumva za njati kuti ikakupeza siikusiya tinangogwira pakamwa. A paki amanena okha kuti bison zavulaza anthu ambiri kuposa nyama ina iliyonse m'menemo, zimbalangondo zomwe sizifikako. Ndipo kuziona mazanamazana choncho sungakhulupirire kuti cha m'ma 1902 zinatsala zosakwana 30 mu paki yonse, anthu atazipulula.

Mimbulu tinakaifuna ku Lamar Valley, kumpoto. Inali itatheratu kalekale, anachita kukaitenga ku Canada mu 1995, zinandikumbutsa ku Majete kumene anabwezako mikango mu 2012. Ndinene zoona, ndi maso ako sungaione. Umangoona pamene paima gulu la anthu ndi zoonera patali zamiyendo itatu, upite pamenepo upereke moni. Agogo ena anatilola kusuzumira pa chawo, timadontho titatu takuda tikuyenda kutsidya kwa chigwa, amvekere ndi imeneyo. Mwana wanga wamkulu anati adadi, agalu aja? Agogowo amabwera chaka chilichonse chifukwa cha timadontho timeneti, ine sindinawatsutse.

Old Faithful tinapitako chifukwa sungabwere osapitako. Madzi otentha amatumphuka m'mwamba pafupifupi mphindi 90 zilizonse, anthu piringupiringu ngati pa msika wa Limbe, fungo la mazira owola, tinajambula nkumapita.

Phiri nde tinakwera Mount Washburn. Tisanayambe ndinagula bear spray, chitini cha tsabola wopopera chimbalangondo chikakuthamangira, mwana wamng'ono amafuna timupopere m'miyendo ngati Doom, ndinachita kumukhazika pansi. Amalangizanso kuti muziyenda gulu ndipo muzipanga phokoso kuti chisadzidzimuke, azungu amangokuwa hey bear, ife madamu anayambitsa nyimbo za kwaya, ana kumapolokozera, anthu otidutsa kumamwetulira. Cha pakati panjira nyimbo zinatha zokha, mpweya kuperewera.

Apa ndinene maganizo anga, ena akwiya akwiye. Washburn ndi wamtali kuposa Sapitwa, mamita opitirira 3,100 pomwe Sapitwa ndi 3,002, koma kukwera kwake nkwa ana. Galimoto imakufikitsa pa Dunraven Pass, pafupifupi mamita 2,700 kale, njira yake ndi msewu wakale otakasuka, makilomita 5 kupita 5 kubwera. Amene munayambira pa Likhubula wapansi, kugona m'kanyumba ka paphiri, m'mawa kukwawa pa miyala ndi manja ndi mawondo, mukhoza kukwera Washburn mutavala masilipasi. Chimene chimagwira ndi chifuwa basi, ndi mphepo ya pamwamba imene inandilanda kapusi. Koma kukongola nde usanene, uli pa kanyumba koyang'anira moto kaja ukuona chigwembe cha mtsinje wa Yellowstone, nyanja, ndi nsonga za mapiri a Teton kutali uko. Potsika tinakumana ndi nkhosa zakutchire zili phee pakati panjira, zazikazi ndi ana ake, zinachita kutidikiritsa. Palinso tinyama tonga mbira timene timaimba likhweru pa miyala.

Masiku atatu omaliza tinatsikira ku paki ina ya Grand Teton, ndi pafupi, kum'mwera. Tinagona pa Gros Ventre, pomwe tinalibe paipi ya madzi, nde apa moyo wa RV unaoneka bwinobwino. Madzi ndi a mu thanki basi, kusamba kumanyowetsa thupi, kutseka, sopo, kutsegula, kutseka. Mbale kutsukira m'beseni. Batire kumaliyang'ana ngati mayunitsi a magetsi kumapeto kwa mwezi. Ana kudandaula, madamu kuseka amvekere anthu akulipira ndalama zambirimbiri kuti akhale moyo umene ine ndinauthawa kwa agogo. Koma iwowo ndi amene anakana kubwerera nsanga. M'mawa wina titatsegula chitseko tinapeza moose, chinyama chachitali kuposa hatchi, nyanga ngati mafosholo awiri, chikudya masamba kuseri kwa RV ya aneba, tiyi anazizira m'manja.

Tinawoloka Jenny Lake pa boti, kukwera kukaona mathithi a Hidden Falls mpaka pa Inspiration Point, kanjira komaliza nkosemedwa m'mwala, madamu anadutsa atayang'ana kukhoma. Mukafuna kupitako ndi RV fikani 7 koloko isanakwane, apo ayi poimika simupeza. Phiri la Grand Teton lenilenilo, mamita 4,199, tinangoliyang'ana ndi ulemu.

Tsopano thanki yakuda ija. Ndi ya kuchimbudzi, ina yotuwa ndi ya madzi a kubafa ndi sinki. Pa Fishing Bridge aneba anandithandiza nde ndinkadziona katswiri. Tsiku lochoka pa Gros Ventre ndinafika pa malo otayira, kumbuyo kwanga mzere wa ma RV anayi, ine changu, paipi sindinaikhome bwino nkukoka chotsegulira. Zimene zinachitika sindilemba, nsapato zija ndinazisiya mu bini komweko. Bambo wina wa kumbuyo anatsika, osaseka nkomwe, kundipatsa magolovesi amvekere aliyense zinamuchitikirapo kamodzi, uziyamba yakuda, yotuwa pambuyo kuti itsuke paipi. Madamu ndi ana anali atatseka makatani ngati sakundidziwa.

Galimoto ndinabweza yotsuka, petulo full, kachokowera ka kabati nditakamanga ndi masikuluwu atsopano awiri. Patatha milungu iwiri mwini wake anandipeza pa nthawi ya lunch, nkhope ili siliyasi, kundikokera pambali amvekere pepa ndikufunse, ufa woyera umene ukumatuluka m'mabowo a heater ndikayatsa uja ndi chani?